Mizinga ya Mayi Suvarta

Imani pang'ono, inu amene mukuwerenga, muyang'ane munthu amene dziko silinacheukepo kuti limuone. Mukalowa m'tchalitchi chathu ku Ahmednagar Lamulungu m'mawa, mudzawapeza atakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, buku la nyimbo lili pamaondo ngakhale kuti nyimbozo amazidziwa pamtima. Dzina lawo ndi a Shantwan Makasare. Zaka zawo zonse zamphamvu anazithera mu ofesi yoona za ngalande zothirira minda, akujambula mapu a madzi amene ena adzamwe. Sanakwezedwe kwambiri, sanatsitsidwenso. Ambuye sanawapatse mwana. Chimene adzasiye pansi pano ndi bolodi limodzi la masewera a nkhondo limene anapanga ndi manja awo, ndipo pemphero la ukalamba wawo linali lakuti bolodilo lisadzapite kwa ogula mapepala akale tsiku limene iwo adzaitanidwe, koma kuti anthu ena adzakhale pansi n'kulisewera.

Ena adzafunsa kuti mlaliki ali ndi chiyani ndi masewera a nkhondo. Ine ndakhala m'nyumba imeneyo kawirikawiri, ndipo mwazi sindinauonemo. Ndinaonamo anthu awiri amene Mulungu anawamanga pamodzi, akukondana m'njira imene iwo anaipeza.

Zinayamba a Makasare atangokwatira kumene. Pamsika wa zinthu zakale, kufupi ndi misasa ya asilikali, anapeza bokosi limene mkulu wina wa asilikali anataya posamuka. M'katimo munali mapu ogawidwa tizipinda tangati ta m'chisa cha njuchi, timakatoni toimira magulu a ankhondo, ndi madayisi awiri. Inali nkhondo ina ya ku Ulaya ya masiku a Napoleon, ndipo theka la timakatonito linali litasowa. Anawerenga malamulo ake mpaka anawamvetsa. Kenaka anadzifunsa kuti munthu wa kuno avutikirenji ndi midzi imene lilime lake silingathe kutchula, pamene m'zaka zomwezo kunamenyedwa nkhondo yaikulu pa Assaye, ulendo wa tsiku limodzi pa basi kuchokera pakhomo pake. Pamalopo Amaratha, eni dziko la kuno, ochuluka ndiponso a mizinga yambiri, anakumana ndi ankhondo a Angelezi pakati pa mitsinje iwiri. Angelezi anaoloka pa dooko limene silinatchingidwe, ndipo anapambana, ngakhale kuti anataya anthu ambiri.

Patchuthi anapitako. Anayenda m'minda ya thonje ndi mapira, anayang'ana magombe ndi maso a munthu wa ngalande, anafunsa alimi kumene ng'ombe zimaolokera madzi akachuluka. Atabwerako anajambula zonse pa pepala lolimba, nalimata pa thabwa. Timakatoni anadula kuchokera ku mabokosi a sopo, tofiira ta Angelezi, tachikasu ta Amaratha, ndipo pa kalikonse anajambulapo kavalo, mzinga, kapena munthu woyenda pansi.

Kujambulako sikunawavute. Chinawavuta ndi kulinganiza. Mbiri inanena kale amene anapambana, koma masewera amene wopambana wake amadziwika anthu asanakhale pansi palibe angawafune. Wopanga ayenera kusunga choonadi cha tsikulo, kuti awa anali ambiri koma osagwirizana, awo anali ochepa koma omvera lamulo limodzi, ndipo pa nthawi yomweyo ayenera kuwasiyira onse awiri chiyembekezo mpaka dzuwa la pa bolodi litalowa. Angathe kuwonjezera mphamvu za gulu lina, kuchedwetsa apakavalo, kufupikitsa tsiku, kapena kusintha mudzi umene munthu ayenera kugwira kuti atchedwe wopambana. Koma ngati zalingana kapena ayi, sangadziwe pongoganiza. Ayenera kusewera ndi munthu wina, n'kusintha, n'kuseweranso.

Munthu winayo anali akazi awo, mayi Suvarta, mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya atsikana.

"Mwandilanda tebulo lodyera ndi tizinyalala tanuti," anatero mayiwo Loweruka lina masana, "ndiye bola mundiphunzitse. Achikasuwa ndi ndani?"

"Amaratha. Koma amenewo ndi amene anagonja."

"Anagonja chifukwa kunalibe ine. Chotsani chigongono pamtsinjepo."

Chinthu choyamba chimene anachita, atangomva malamulo, chinali kukokera mizinga yawo pa dooko.

"Sizinayende choncho," anadandaula amuna awo. "Dooko limenelo sanalitchinge."

"Ndiye mukufuna ndibwereze uchitsiru wa anthu akufa? Ponyani madayisi, a Kazembe."

Kwathu kuno akazi a m'badwo umenewo satchula dzina la mwamuna wawo, choncho dzina lachipongwe limeneli linawathandiza, ndipo linakhala mpaka imfa. Tsikulo ankhondo a Kazembe anathera m'madzi. A Makasare analemba lamulo latsopano loti mizinga ya Amaratha isasunthe kumayambiriro kwa nkhondo. Mayi Suvarta anapambanabe, ulendo uno ndi apakavalo. Analemba lina lochedwetsa apakavalowo. Anapambanabe. Potsiriza a Makasare anatola kakatoni kamodzi ka mzinga n'kukachotseratu pa bolodi, akunena kuti mwina anawerenga molakwa mabuku a mbiri.

Mayiwo anatambasula dzanja. "Bweretsani kuno. Imeneyo ndi mendulo yanga."

Anakaponya m'chitini chawo cha mabatani.

Umu ndi mmene zinayendera zaka zambiri. Loweruka masana, ntchito zikatha, ankaika tiyi ndi mtedza wokazinga pambali, n'kuyala nkhondo yawo. Mayi akapambana motsatizana kwa nyengo yaitali, mzinga wina unkalowa m'chitini. Ine ndinkati ndikaona zimenezi ndinkakumbukira woweruza uja wa m'Malembo, amene Mulungu anamuchepetsera ankhondo kawiri konse asanamulole kupita kukamenyana, ndipo nditawauza mayiwo anaseka.

"M'bale Borde, ujayo anachepetsedwa ndi Mulungu. Ine akundichepetsa ndi munthu wamantha."

"Ndi kulinganiza kumeneku," anayankha a Makasare osadzutsa mutu.

"Eya, kulinganiza. Mawa mudzandisiyira ng'oma ndi wophika."

Imvi zitayamba kuoneka pamitu yawo, chinthu chimene ankachifuna chija chinafika. Loweruka lina apambane awa, lotsatira awo, ndipo kawirikawiri nkhondo inkatsalira pa kuponya komaliza kwa madayisi, onse awiri ataimirira, tiyi atazizira kalekale. A Makasare anandiuza potuluka m'tchalitchi, nkhope ili ngati ya munthu amene waika mwala womaliza pa linga: "Zalingana tsopano, m'bale." Zaka zimenezo ndi zimene anakondwa kwambiri. Sizinali zambiri. Mayi Suvarta anadwala mtima chaka choyamba cha kupuma kwawo pa ntchito, ndipo mvula isanathe tinawagoneka m'manda a mpingo.

Bolodi linakhalabe pa tebulo. A Makasare anayesa kusewera okha, akusuntha kuchoka pa mpando uwu kupita pa uwo, koma anasiya, chifukwa munthu sangadzibisire yekha chimene akuganiza. Anandipempha ine. Ndinatenga achikasu, ndipo ndinagonja msanga mochititsa manyazi. Tonse awiri tinati vuto ndi umbuli wanga, ndipo umbuliwo unalipodi.

Patapita zaka zingapo kunabwera a Onkar Jagtap, injiniya wa ku mzinda wa Pune, bambo wa ana awiri, amene anali m'gulu la anthu okumana Lamulungu masana m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ina kukasewera masewera otere. Anabwera ku Ahmednagar kuno ku ukwati, anamva za nkhalamba ya bolodi, ndipo anafika pakhomo. Anaweramira mapuwo n'kuwaonetsetsa. Anajambula zonse ndi foni, analemba malamulo, nalonjeza kuti gulu lawo likayesa masewerawo, ndipo akawakomera adzawaika pa msonkhano wawo wa pachaka, kumene kumabwera anthu ochokera m'mizinda ina. A Makasare anadikira dzinja lonse ngati mlimi. Sankanena zambiri, koma m'pemphero la pakati pa sabata anayamba kupemphera mokweza pang'ono.

A Jagtap atabweranso, ine ndinali pomwepo.

"Kaka," anatero, kuwaitana monga timaitanira munthu wa msinkhu wa bambo ako, atagwira mapazi a nkhalambayo monga mwa ulemu, "mapu anu ndi okongola mwakuti anzanga amaopa kuikapo kapu ya tiyi. Koma ndifunseko. Kodi Angeleziwa ndi abale anu?"

Anali kuseka, koma ife Akhristu a kuno funso limenelo tinayamba kulimva tili ana, ndipo silinasiye kubaya. A Makasare anaumitsa nkhope.

"Ukutanthauza chiyani, mwana wanga?"

"Tasewera mpaka kutopa. Achikasu sanapambanepo ngakhale kamodzi. Mnzanga wina akuti akangoona kakatoni kachikasu mutu umayamba kumuwawa. Ine ndine Mmaratha, Kaka. Makolo anga anagonja kamodzi, inu mukuwagonjetsa sabata iliyonse."

"Masewerawa ndi olingana. Ndawayesa zaka zochuluka kuposa zimene iwe wavala nsapato. Anzakowo sadziwa kusewera."

"N'kutheka. Tiyeni tione."

Anayala bolodi. A Jagtap anatenga achikasu, anagonja. Ndiye anatembenuza thabwalo kuti achikasu akhale kumbali ya a Makasare, amene m'moyo wawo wonse anali asanakhalepo kumbali imeneyo moyang'anizana ndi munthu. Ndinaona zala zawo zikuzengereza pamwamba pa timakatoni tija. Anayesa zonse zimene anaonapo zikuchitika kuchokera kutsidya kwa tebulo, koma anazichita mochedwa kapena mofulumira, ndipo mzere wawo unang'ambika pakati ngati nsalu yakale. Dzuwa la pa bolodi lisanalowe, mudzi wa Assaye unali m'manja mwa ofiira.

A Jagtap sanasekenso. "Munkayesa ndi ndani, Kaka?"

"Ndi akazi anga."

"Ndi ndaninso?"

A Makasare anayang'ana ine, ngati kuti ndingawerengedwe, kenaka anapukusa mutu. "Panalibe wina."

Mlendoyo anakweza maso kuyang'ana chithunzi cha mayi Suvarta pakhoma, chimene chinali ndi nkhata ya maluwa. "Ankatenga mbali iti?"

"Yachikasu. Nthawi zonse."

"Ndipo ndi mizinga yochepayi ankapambana?"

"Theka la nthawi."

"Ndiye ndikanakonda ndikanawaona," anatero a Jagtap motsitsa mawu. "Kaka, simunalinganize Amaratha ndi Angelezi. Munalinganiza inu ndi iwo. Munthu wamba ngati ine sangayende ndi katundu amene munawasenzetsa."

Anafotokoza mosabisa kuti gulu lawo silingaike pa msonkhano masewera amene mbali imodzi ilibe chiyembekezo. Mizinga iyenera kubwerera, ndipo malamulo omanga apakavalo ayenera kumasulidwa. Anawonjeza mwaulemu kuti ngati zimenezo n'zolemera, bolodilo lingathe kukhala mmene lililimo, n'kupachikidwa pakhoma kuti anthu aziliona. A Makasare anati aganiza.

Anaganiza milungu yambiri. Tsiku lina tikuchokera kokaona wodwala, tikuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, anayamba kuyankhula osandiyang'ana.

"M'bale Borde, inu mukayang'ana bolodi lija mumaona mizinga imene ilipo. Ine ndimaona imene palibe. Mpata wa pafupi ndi mtsinje ndi wa chaka cha chilala, pamene mkazi wanga anandigonjetsa nyengo yonse ya Lenti. Wa kumbuyo kwa mudzi ndi wa chaka chimene dokotala anatiuza kuti tisayembekezenso mwana. Tinabwera kunyumba, sanalire, anangoti tiyale. Anandimenya pa bolodi tsikulo ngati ndine amene ndalakwa, ndipo ndinamupatsa mzinga, ndipo anaseka. Ndikabwezera zonsezo, mipata ija itsekeka. Ndidzamuonera pati?"

Sindinawalalikire, pakuti pali nthawi imene mlaliki ayenera kungoyenda pambali pa munthu. Ndinangonena chimene ndikudziwa motsimikiza, kuti mlongo wathu sasungidwa ndi katoni, koma ndi dzanja limene silitaya ngakhale mmodzi mwa amene linapatsidwa, ndiponso kuti kulakalaka munthu amene Mulungu mwini anakupatsa si tchimo. Ndinati chilichonse chimene asankhe, ndidzabwerabe kudzamwa tiyi.



"Chimene chikundisowetsa tulo n'china," anatero a Makasare. "Anthu ake akugonja Lamulungu lililonse ku Pune. Iye sakanalola zimenezo."

Mawa lake anatsitsa chitini cha mabatani pamwamba pa kabati. Timizinga tinali pansi penipeni, pakati pa mabatani a mabulauzi ndi zingwe za ulusi, tina titatuwa, kena kali ndi banga la mafuta. Anatiyala pa tebulo, ndipo sanatibwezere tonse nthawi imodzi. Anachita monga mwa ntchito yawo. Anabwezera kamodzi, anaimbira foni ku Pune, napempha kuti asewere anthu osiyanasiyana, odziwa ndi osadziwa, olimba mtima ndi amantha, ndipo awiri alionse asinthane mbali. Yankho likabwera ankabwezera kena. Anamasula apakavalo, kenaka anawamanganso pang'ono, chifukwa anayamba kusesa bolodi lonse. Anafupikitsa tsiku kuti ofiira asakhale ndi nthawi yopuma pa dooko. A Jagtap ankawanena kuti nkhalambayi ikuvuta kuposa abwana awo a ku ntchito.

Ntchitoyo inadya miyezi. Pamapeto pake kunapezeka kuti si mizinga yonse imene inafunika kubwerera. Ingapo inatsala, pakuti masiku oyamba aja a Makasare analidi atawapatsa achikasu mphamvu zopitirira. Imeneyo anaibwezera m'chitini.

Nyengo yozizira itafika tinakwera basi ya ku Pune, iwo atavala malaya awo oyera a pa Khirisimasi. Msonkhano unali m'holo yobwereka, yodzaza matebulo ndi phokoso la madayisi. Pa matebulo angapo panali nkhondo ya Assaye, yosindikizidwa bwino, dzina lawo lili pakona. Anthu amene sanawaonepo anali atawerama pamwamba pa mitsinje imene iwo anayeza ali anyamata. A Makasare anaima kumbuyo kwa bambo wina wonenepa wa ku Mumbai amene anatenga achikasu. Bamboyo anasewera mosalongosoka. Dooko analisiya lotseguka, apakavalo anawabalalitsa, mizinga ina anaiiwala kumbuyo. Komabe mnzakeyo nayenso analakwitsa zake, ndipo nkhondo inafika pa kuponya komaliza, onse awiri ataimirira. Achikasu anapambana. Pa tebulo loyandikana nalo anapambana ofiira.

Madzulo ake a Jagtap anawaitanira kutsogolo, anawafunditsa nsalu paphewa, anawapatsa kokonati monga timachitira polemekeza munthu, ndipo ananena pamaso pa onse kuti tsiku limene Kaka adzatope nalo bolodi lenileni lija, malo ake alipo kale m'chipinda chawo, pa tebulo osati pakhoma. A Makasare anapempha kunena mawu amodzi. Anati mapu anajambula ndi iwo, koma amene anawaphunzitsa nkhondoyo ndi mphunzitsi wina wa masamu, ndipo anatchula dzina lake lonse. Anthu anaomba m'manja mwaulemu, osadziwa kuti akuombera chiyani.

Pobwerera, basi ikukwera zitunda, a Makasare anali atakhala kokonati ili pamiyendo.

"Zalingana, m'bale," anatero. "Aliyense angathe kusewera tsopano."

"Mulungu wayankha pemphero lanu."

"Wayankhadi." Anayang'ana kunja pawindo. "Koma munaona mmene bambo uja anasiyira dooko? Mkazi wanga akanamuseka mpaka misozi."

Chiyambire pamenepo sindinawaonenso akusewera. Bolodi analikuta ndi nsalu, ndipo Loweruka masana amakhala pakhonde, akuyang'ana anthu odutsa. A Jagtap amaimba foni nthawi ndi nthawi kuwauza kumene masewerawo afika, ndipo a Makasare amamvetsera mokondwa, koma asanatsazike amafunsa funso limodzimodzi. Ndalimva ndi makutu anga.

"Kodi sipanapezeke wina amene akupambana mopitirira ndi achikasu? Woti anzake ayamba kudandaula naye?"

"Sanapezeke, Kaka."

"Akadzapezeka umutumize kuno. Ndili ndi kayalidwe kena ka mizinga yochepa kamene ndamusungira."

Ambuye amene amadziwa kulemera kwa mtima uliwonse, ndipo sasenzetsa munthu choposa mphamvu zake, akusungeni inu a Shantwan Makasare m'masiku amene atsala. Akhale nanu pakhonde Loweruka masana, akupatseni tulo tabwino, ndipo pa nthawi yake akulandireni kumene kulibe kugonja kapena kulekana. Ndipo inu amene mwawerenga, ngati pa tebulo lanu pali mpando umene munthu wake anachoka, Mulungu wa chitonthozo chonse akuyandikireni, akulimbitseni manja pa ntchito imene yatsala, ndipo mtendere wake ukhale pa nyumba yanu. Amen.